Zithunzi zikachuluka: zoyenera kudziwa musadaziike pa cloud

Nyengo ya maukwati ikafika pachimake, kuyambira cha mu Ogasiti mpaka mvula itatsala pang'ono kugwa, ojambula zithunzi m'mizinda yathu amabwerera kunyumba Loweruka lililonse makamera atadzaza. Ukwati umodzi wokha, kuphatikiza za kutchalitchi, za kumalo a maluwa ndi za pa perekaniperekani, ungathe kubala zithunzi 2,000 kapena 3,000. Ntchito yeniyeni imayamba Lolemba. Akwati akufuna kuona momwe adatchenera, ankhoswe akufunsa zawo, mlongo wake wa mkwatibwi ku Johannesburg akufuna kuona momwe mayi ake adavinira, amalume a ku Leeds nawo akudandaula kuti adasonkha ndalama koma palibe chomwe aonapo.

Kale yankho lidali CD kapena fulashi yomwe inkayenda m'manja mwa anthu mpaka kusowa. Kenako kudabwera WhatsApp, yomwe imathandiza pa zithunzi 10 kapena 20, koma zikafika masauzande imasanduka chisokonezo. Pamwamba pa apo imafinya chithunzi kuti chipepuke, moti chokongola chija chikadutsa m'mafoni atatu chimakhala chitafwifwa. Njira yomwe ambiri akutsata lero ndi yoika zithunzi zonse pamalo amodzi pa intaneti n'kutumiza linki imodzi kwa aliyense wofuna kuona. Malowo ndi omwe amatchedwa cloud. Ofuna malo otere si ojambula okha ayi. Pali mipingo, sukulu, mabungwe omwe amayenera kuonetsa owathandiza momwe ntchito ikuyendera, ogulitsa zovala ndi galimoto, ngakhalenso kholo lomwe foni yake ikungodandaula kuti malo atha.

Pa Chingerezi mawu akuti cloud amatanthauza mtambo, ndipo dzinali lasocheretsa anthu ambiri. Palibe chithunzi chomwe chimakwera kumwamba. Chomwe chimachitika n'chakuti chithunzicho chimachoka m'foni kapena m'kompyuta yanu n'kukasungidwa m'makompyuta a kampani ina, omwe amakhala mizeremizere m'zinyumba zikuluzikulu zokhala ndi alonda, makina oziziritsa komanso magetsi osathima. Kampaniyo imasunga makope angapo m'makina osiyanasiyana kuti amodzi akawonongeka ena atsale. Kuno kummwera kwa Africa zinyumba zotere za makampani akuluakulu zili ku South Africa: Microsoft idatsegula zake ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, Amazon idatsatira ku Cape Town mu 2020, ndipo Google idatsegula zake ku Johannesburg mu 2024. Koma munthu wamba sasankha komwe zithunzi zake zikagone. Zikhoza kukhala ku Ulaya kapena ku America.

Poti dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, chithunzi chochokera ku Area 25 kapena ku Ndirande chimayenda ulendo wautali. Chimachoka pa foni kupita pa nsanja ya TNM kapena Airtel, n'kulowa m'nthambo za pansi pa nthaka, kudutsa malire, mpaka kukakumana ndi nthambo za pansi pa nyanja m'magombe a Tanzania, Mozambique kapena South Africa. Ulendowu sitimaukumbukira mpaka tsiku lomwe wasokonekera. Mu Meyi 2024, nthambo za SEACOM ndi EASSy zitaduka pansi pa nyanja kufupi ndi gombe la South Africa, intaneti idayenda mwaulesi m'maiko angapo a kuno, Malawi ali momwemo. Amene adali ndi zithunzi pa cloud pokha adayenera kudikira.

Tisadapite patali, tichite masamu, chifukwa apa ndi pomwe ambiri amagwa ulesi ntchito ili pakati. Chithunzi cha foni yabwino kapena cha kamera chikhoza kulemera pafupifupi 5 MB. Zithunzi 3,000 zotere ndi 15 GB. Kuzitumiza ku cloud kumadya data yofanana ndi kulemera kwake, kutanthauza kuti mufunika bandulo yoposa 15 GB pa ukwati umodziwo. Tsono pali nkhani ya nthawi. Makampani akamalengeza liwiro la intaneti, kawirikawiri amatchula liwiro lolandirira zinthu, pomwe lotumizira limakhala locheperapo. Komanso liwirolo amaliyesa m'ma megabit, pomwe kulemera kwa chithunzi kumayesedwa m'ma megabyte, ndipo megabyte imodzi ndi ma megabit 8. Choncho ngati netiweki ikutumiza pa liwiro la 2 Mbps, chithunzi chimodzi cha 5 MB chimatenga masekondi 20, ndipo zonse 3,000 zija zitenga maola pafupifupi 17, netiweki ikapanda kuduka ndiponso magetsi akapanda kuthima. Wojambula yemwe angafune kutumiza mafayilo a RAW, aja osakonzedwa ochokera m'kamera, adziwe kuti imodzi yokha imatha kupitirira 25 MB, ndiye masamu onsewa achulukitse kasanu.

Chotonthoza n'chakuti mtolo waukuluwu amasenza ndi wotumiza yekha. Woona zithunzi salipira zonsezo. Chithunzi chikafika, makompyuta a kampaniyo amapanga timakope tating'onoting'ono topepuka, ndipo ndi timeneto tomwe timaoneka munthu akatsegula linki. Akadina chimodzi, pamabwera kope lokulirapo lokwana pa galasi la foni yake. Chithunzi chathunthu chimabwera pokhapokha iye atasankha kuchitsitsa. N'chifukwa chake agogo ali ndi kabandulo kochepa angathe kuona ukwati wonse n'kusankhapo zisanu zomwe zawasangalatsa. Apa ndi pomwe cloud imaposera fulashi ndi WhatsApp yomwe.

Malo aulere alipo, koma ndi ochepa. Google imapatsa akaunti iliyonse 15 GB, yomwe imagawidwa pakati pa Gmail, Google Drive ndi Google Photos. Eni mafoni a Android adziwenso kuti kuyambira chakumapeto kwa 2023 mauthenga ndi zithunzi za WhatsApp zomwe foni imasunga ku Google zidayamba kuwerengeredwa pa malo omwewo. Apple imapereka 5 GB pa iCloud, Microsoft 5 GB pa OneDrive, pomwe Dropbox imapereka 2 GB yokha. Mwaona kuti ukwati umodzi uja wadya kale malo onse aulere a Google. Ndipo malowo akadzaza, si zithunzi zokha zomwe zimaima. Gmail nayo imasiya kulandira ndi kutumiza makalata. Munthu angadabwe kuti bwanji kalata yomuitana kuntchito sidafike, osadziwa kuti zithunzi za chinkhoswe ndi zomwe zidatseka khomo.

Pofuna kupulumutsa malo ndi data, pali chisankho chomwe munthu ayenera kupanga asadayambe: kutumiza zithunzi monga zilili, kapena kuzifinya kaye. Google Photos ili ndi njira yotchedwa Storage saver yomwe imachepetsa chithunzi chilichonse choposa ma megapixel 16 kuti chifike pamenepo, n'kuchipepuzanso. Pa galasi la foni maso sangaone kusiyana kwake. Kusiyana kumadzaoneka tsiku lomwe mudzafune kutsukitsa chithunzi chachikulu chopachika pabalaza, kapena kudulapo nkhope ya munthu mmodzi pagulu la anthu 50, monga zimafunikira mwadzidzidzi pokonza pulogalamu ya maliro. Chomwe chafinyidwa sichibwereranso mwakale. Kwa ine njira yanzeru, maka kwa ojambula, ndi yosiyanitsa ntchito ziwirizi: zoonetsa anthu zifinyidwe, zikhale za mtundu wa JPEG womwe umatseguka pa chipangizo chilichonse, koma zenizenizo zisungidwe padera osazikhudza. Eni iPhone akumbukire kuti mafoni awo amasunga zithunzi mumtundu wa HEIC, womwe makompyuta ena akale amakana kutsegula.

Kusankha malo kumatengera chomwe mukufuna. Google Drive, OneDrive ndi Dropbox zili ngati kabati ya mafayilo: zimasunga mafoda momwe mudawasanjira, ndipo ndi zabwino popereka ntchito kwa kasitomala. Google Photos ndi iCloud zili ngati alubamu: zimasanja zithunzi potengera tsiku ndi malo, ndipo zimakoma poonera. Ojambula ena amalipira makampani monga SmugMug ndi Pixieset, omwe amapereka tsamba looneka bwino lomwe kasitomala amasankhirapo zomwe wakonda. WeTransfer ndi mtengatenga chabe. Linki yake yaulere imafa pakapita masiku ochepa, ndiye si malo osungirapo kanthu.

Ntchito yopulumutsa ndalama zambiri imachitika intaneti isadayatsidwe n'komwe. Pa zithunzi 3,000 zija, zambiri ndi zobwerezabwereza: mkwati atatsinzina, wina atadutsa kutsogolo kwa kamera, keke yomweyo kasanu ndi kawiri. Kusankha 600 zabwino ndi ulemu kwa woonera komanso chifundo pa thumba lanu. Mafoda apatsidwe maina oti munthu adzamve ngakhale patapita zaka khumi, kuyamba ndi chaka, mwezi ndi tsiku, kenako mwambo wake, osati kungosiya maina a manambala omwe kamera imapereka. Potumiza, ndi bwino kugawa ntchitoyo m'magulu a zithunzi 200 kapena 300 kusiyana ndi kuponya mtolo wonse kamodzi. Pa kompyuta, pulogalamu ya kampaniyo yoika m'makina momwemo imaposa kutumiza kudzera pa tsamba la intaneti, chifukwa netiweki ikaduka imadzapitiriza pomwe idalekezera. Nthawi yabwino ndi usiku, pomwe anthu ambiri agona ndipo mabandulo ena amatsika mtengo, laputopu itadzaza moto kuopa kuthima kwa magetsi. Pomaliza werengani. Ngati foda ya m'kompyuta ili ndi zithunzi 612, ya pa cloud ikhalenso ndi 612, ndipo mutsegule zingapo pa foni ina kuti mutsimikize. Musafufute kalikonse m'kamera musadachite izi.

Pali msampha umodzi womwe wagwetsa anthu ambiri ozindikira, ndipo ndi wofunika kuumvetsa bwino. Mapulogalamu ambiri a cloud amagwira ntchito ngati kalilole: zomwe zili pa foni ndi zomwe zili kumeneko amazifananiza nthawi zonse. Munthu amaona kuti zithunzi zake zafika ku cloud, ndiye amati tsopano ndifufute za pa foni kuti ndipeze malo. Akafufuta ali mkati mwa Google Photos kapena pa iPhone yolumikizidwa ku iCloud, lamulolo limapita mbali zonse ziwiri, ndipo zithunzi zimachoka konsekonse. Mwayi womwe ulipo ndi wakuti zofufutidwazo zimayamba zadikira m'bini, masiku 60 ku Google Photos ndi masiku 30 ku iCloud. Nthawiyo ikadutsa, zapita. Wofuna kupeza malo pa foni agwiritse ntchito batani lomwe lidapangidwira zimenezo, lomwe pa Google Photos limalembedwa kuti Free up space. Ilo limachotsa makope a pa foni okha n'kusiya a ku cloud.

Tsono tifike pa nkhani yaikulu, yomwe otsatsa malonda sakonda kuitchula. Malo a pa cloud ndi obwereka, ndipo mwini nyumba amasintha malamulo pomwe wafunira. Akuluakulu adati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, ndipo mbiri ya zaka zochepa zapitazi ikuwavomereza. Mu 2013 Flickr, yomwe panthawiyo idali m'manja mwa Yahoo, idalonjeza aliyense malo aulere okwana 1 TB, omwe ndi pafupifupi 1,000 GB. Ojambula padziko lonse adakhuthulira m'menemo ntchito ya moyo wawo. Mu 2018 kampani ya SmugMug idagula Flickr, ndipo chaka chisadathe idalengeza kuti akaunti yaulere izisunga zithunzi 1,000 zokha. Wokhala ndi zoposa apo adauzidwa kuti alipire, azitsitse, apo ayi ziyamba kufufutidwa mu 2019 kuyambira zakale kwambiri. Photobucket nayo mu 2017 idadzidzimutsa anthu pofuna madola pafupifupi 400 pachaka kuti zithunzi zawo zipitirize kuoneka pa masamba ena, ndipo masamba osawerengeka adatsala ndi mabowo m'malo mwa zithunzi. MySpace sidafune ndalama, koma mu 2019 idavomereza kuti posamutsa makina idataya nyimbo, zithunzi ndi makanema omwe anthu adaika kwa zaka zoposa khumi. Ngakhale Google, yomwe idakopa dziko lonse mu 2015 polonjeza malo aulere opanda malire pa Google Photos, idathetsa lonjezolo pa 1 Juni 2021.

Palibe pa makampani amenewa yomwe idaba kanthu. Zonse zidali m'mapangano aatali aja omwe timangodina kuti tavomera osawerenga. Kusunga zithunzi mabiliyoni kumadya magetsi ndi makina, ndipo tsiku lina wina amayenera kulipira.

Kulipirako kwa ife kuli ndi minga yake. Mtengo wake pawokha si woopsa. Ku America malo a 100 GB a Google ndi madola pafupifupi awiri pamwezi. Koma ndalamayo imachoka m'ndalama zakunja kudzera pa khadi ya kubanki, ndipo aliyense wokhala m'dziko muno akudziwa momwe nkhani ya ndalama zakunja yakhala ikuvutira. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, lendi ya malo omwewo idakwera usiku umodzi popanda kampani kusintha kalikonse. Khadi ikakana kulipira, akaunti imabwerera pa malo aulere aja. Zithunzi sizifufutidwa tsiku lomwelo, koma simungaonjezere china, ndipo malamulo a Google amati munthu akakhala wopyola malire kwa zaka ziwiri, katundu wake angathe kuchotsedwa. Wojambula wolonjeza kasitomala kuti linki idzakhalapo mpaka kalekale akulonjeza chinthu chomwe sichili m'manja mwake. Kuli bwino kunena poyera kuti linki ikhala miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, ndipo aliyense atsitse zake nthawi ikadalipo.

Zonsezi sizikutanthauza kuti kusunga kunyumba ndiye kotetezeka. Fulashi imafa osatsanzika, memory card imathyoka, laputopu imabedwa pa zenera, foni imatsala m'minibasi. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope kuchokera m'phiri la Soche mu Malichi 2023, mabanja a ku Chilobwe ndi madera ena adataya abale ndi nyumba, ndipo chilichonse chomwe chidali m'nyumbazo, mapepala ndi zithunzi zomwe, chidapita ndi madzi. Pa tsoka lotere kope lokhalo lomwe lingapulumuke ndi lomwe lili kutali. N'chifukwa chake wojambula wa ku America, Peter Krogh, adatchukitsa lamulo lomwe limadziwika kuti 3-2-1: makope atatu a chithunzi chilichonse chofunika, pa zipangizo za mitundu iwiri, kope limodzi lili kutali ndi nyumba. Kwa banja wamba izi zikhoza kukhala kompyuta, hard drive yosungidwa m'kabati, ndi cloud. Cloud ndi limodzi mwa makope atatuwo, osati onse.

Nkhani ina ndi ya amene akuona. Linki yotseguka kwa aliyense ili ngati kiyi wosiyidwa pansi pa mphasa ya pakhomo: amene wamupeza walowa. Mukaiponya pa gulu la WhatsApp la komiti ya ukwati, mawa ili pa gulu la mpingo, mkuja ili kwa munthu yemwe simudamuonepo. Pa zithunzi za phwando mwina palibe vuto. Koma pa zithunzi za ana a sukulu, za odwala, kapena za anthu omwe bungwe likuwathandiza, ndi bwino kuloleza anthu owatchula maina kudzera pa ma imelo awo, ndi kuwapatsa mphamvu yongoona, osati yosintha kapena kufufuta. Dziwaninso kuti chithunzi chimanyamula uthenga wobisika: tsiku, ola, mtundu wa foni, ndipo ngati GPS idali yoyatsa, malo enieni omwe chidajambulidwa. Chithunzi cha galimoto yatsopano chojambulidwa pakhomo chingathe kulondolera mlendo mpaka pageti panu. Mapulogalamu ambiri ali ndi poti muzimitse malowo pogawana. Mabungwe ndi ochita malonda akumbukirenso kuti dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu, Data Protection Act, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2024 pansi pa bungwe la MACRA, ndipo nkhope ya munthu wodziwika pa chithunzi ndi uthenga wokhudza iyeyo.

Chomwe chimatayitsa anthu zithunzi kawirikawiri kuposa kugwa kwa kampani ndi chinthu chaching'ono: kuiwala mawu achinsinsi. Ambiri akaunti ya Google adawatsegulira ndi mnyamata wogulitsa mafoni pamsika tsiku lomwe ankagula foni, ndipo sadziwa dzina lake, mawu ake achinsinsi, ngakhale nambala yomwe idalembedwapo. Foni ikabedwa, zithunzi zimakhala zilipo ndithu kutsidya kwa nyanja, koma mwini wake alibe polowera. Nambala ya foni yobwezeretsera akaunti iyenera kukhala yomwe mukugwiritsabe ntchito, poti SIM khadi yokhalitsa osagwira ntchito kampani imatha kuitseka n'kupereka nambalayo kwa munthu wina. Mpingo kapena bungwe lisasunge zithunzi zake pa akaunti ya mlembi kapena ya wachinyamata wodziwa makompyuta, chifukwa tsiku lomwe adzasamuke kapena kukangana ndi komiti, mbiri ya zaka zambiri idzapita naye.

Ndipo pali imfa, yomwe sitikonda kuikamba. Alubamu ya pepala imatsala m'sutikesi, ana n'kudzaipeza. Akaunti siitero. Kuyambira mu Disembala 2023, Google idayamba kutsata lamulo loti akaunti yomwe yakhala zaka ziwiri osatsegulidwa ingathe kufufutidwa pamodzi ndi zonse zili m'menemo. Kampaniyi ili ndi njira yotchedwa Inactive Account Manager, momwe munthu amasankhiratu anthu oti adzalandire zithunzi zake akaunti ikadzakhala chete kwa miyezi yomwe iye watchula. Apple ili ndi yofanana nayo yotchedwa Legacy Contact. Kuzikonza kumatenga mphindi zochepa, ndipo sikulira ndalama. Amene akufuna kope la zonse zomwe adaika ku Google angathe kulipempha kudzera pa Google Takeout, yomwe imamanga zithunzizo m'mitolo yoti atsitse n'kusunga pa hard drive. Kutsitsako kudzadya data yofanana ndi kulemera kwa zithunzizo, choncho ndi ntchito yoyenera kuichitira pomwe pali Wi-Fi yopanda malire.